Mmene mungayendere chigayo chanu munthu asanavulale

Eni zigayo amafunsa funso limodzimodzi: "Akabwera a zantchito adzayang'ana chiyani?" Ena amafunsa munthu atataya kale zala. Ndaganiza zolemba yankho lake kamodzi kuti mwini chigayo aliyense, kapena kapitawo amene anamusiyira makiyi, azitha kuyendera yekha malo ake. Ndikunena za chigayo chomwe tonse timachidziwa: chogayira cha mahamala, chokonolera pambali pake, mota ya magetsi kapena injini ya dizilo, antchito awiri kapena atatu, ndi ogayitsa amene amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, ena ali ndi ana kumsana.

Pamaso pa lamulo, chigayo ndi malo antchito monga fakitale ina iliyonse. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo wa chitetezo cha antchito kwa amene anawalemba ntchito, ndipo oyendera ochokera ku Unduna wa Zantchito ali ndi mphamvu yolowa ndi kuona mmene zinthu zilili. Wantchito akavulala ali pa ntchito, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati apatsidwe chipukuta misozi. Koma musayendere chigayo pofuna kusangalatsa oyendera. Iwo amabwera patalipatali, pomwe lamba amazungulira tsiku lililonse.

Tisiyanitse mawu awiri tisanayambe. Ngozi ndi chomwe chachitika kale. Chiopsezo ndi chinthu chomwe chilipo, chikungodikira tsiku lake: lamba wosatchinga, waya wosendeka, fumbi launjikana pa mota. Ntchito ya woyendera ndi kusaka ziopsezo.

1. Konzekerani, ndipo sankhani nthawi ziwiri

Tengani kope la ntchito yokhayi, cholembera, tochi, foni yojambulira, ndi loko watsopano amene kiyi wake ali ndi inu nokha. Muyende anthu awiri: inu ndi wogaya amene amakhala pa makinawo. Ngati n'kotheka itananiponso munthu wachitatu wosazolowera malowo, chifukwa maso a amene amakhalapo tsiku ndi tsiku amasiya kuona zinthu zomwe mlendo amaziona atangolowa.

Ambiri amalakwitsa poyendera kamodzi kokha, m'mawa kusanabwere anthu. Nthawi imeneyo mumaona makina, koma simuona mmene anthu amagwirira ntchito. Yenderani kawiri pa tsiku limodzi: koyamba makina ali chiimire, kachiwiri pa nthawi ya chipwirikiti, mzere utafika panja. Kuyendera kotere kuzichitika mwezi uliwonse. Onjezerani ulendo wina nyengo yokolola isanafike, cha mu April, pamene makina ayamba kugwira ntchito osapuma, wina mvula yoyamba ikagwa kuti muone pomwe denga likudontha, ndi wina nthawi iliyonse mmisiri akakonza chinthu. Amisiri ambiri akamasula chotchingira lamba amachisiya chotsamira kukhoma.

2. Yambani ndi kufunsa, musanayang'ane chilichonse

Mukamufunsa wantchito kuti, "Pali vuto lililonse?" ayankha kuti, "Ayi bwana, zonse zili bwino." Akuopa kuti akatchula vuto mumuimba mlandu kapena kumudula malipiro. Mufunseni mafunso ena: Chigayo chikatsamwa mumatani? Ndi liti pamene munapulumukira m'kamwa mwa mbuzi? Ndi chinthu chiti chomwe simungalole mwana wanu kuchigwira pano? Kodi pali pomwe pamakugwedezani ndi magetsi mukagwira? Mukaweruka, m'makutu mumalira mpaka nthawi yanji?

Mufunseni ali yekha, osati pamaso pa ogayitsa, ndipo mumuuziretu kuti palibe amene alangidwe chifukwa cha zomwe wanena. Zomwe zinatsala pang'ono kuchitika zilembeni ngati kuti zinachitikadi. Chitenje chomwe chinakodwa ndi pule, gudumu lomwe lamba amazungulirapo, n'kungong'ambika ndi chenjezo lathunthu.

3. Zimitsani, khomani, yesani

Musagwire chilichonse m'kati mwa makina musanachite izi motsatana. Zimitsani pa sitata, kabokosi ka mabatani oyatsira ndi kuzimitsira mota. Zimitsani swichi yaikulu, yomwe amisiri amati ayisoleta. Khomanipo loko wanu ndi kuika kiyi m'thumba mwanu. Dikirani mpaka mahamala ataimiratu, chifukwa amapitiriza kuzungulira kwa kanthawi mota itazima, ndipo amazungulira mwakachetechete. Pomaliza dinani batani loyatsira kuti mutsimikize kuti makina sakudzuka. Ngati swichi yanu ilibe pokhoma loko, chimenecho n'chiopsezo choyamba cholemba m'kope. Wowotcherera akhoza kukupangirani kabokosi kachitsulo kokhala ndi pokhomera.

Chifukwa chake n'chakuti kuno kwathu magetsi amazima osatsanzika ndipo amabwera osaodira. Akazima chigayo chili pakati pa ntchito, ufa umatsalira m'kati, ndiye wogaya amapezerapo mpata wotsegula kuti achotse zotsamwa kapena asinthe sefa. M'maganizo mwake magetsi kulibe. Sitata yabwino ili ndi kachipangizo kotchedwa kontakita, kamene kamamasuka magetsi akazima, kotero kuti akabweranso makina sadzuka mpaka munthu atadina batani. Koma pa zigayo zambiri kontakita ikayamba kuvuta, anthu amaipanikiza ndi kamtengo kapena kuilambalala ndi waya kuti ntchito isaime. Zikatero, magetsi a ESCOM akangobwera mahamala amadzuka okha, dzanja la munthu lili m'kati.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Aliyense ataima patali, zotsekera zonse zili m'malo mwake, ndipo m'chigayo mulibe chimanga, yatsani makina. Kenako zimitsani swichi yaikulu osagwira sitata, dikirani aime, n'kuyatsanso swichiyo. Akadzuka okha, chigayocho chisagwirenso ntchito mpaka wamagetsi atabwera. Musazengereze nazo zimenezi.

Pa injini ya dizilo, tsekani mafuta, chotsani handulo yolizira n'kuisunga inuyo, ndipo ngati imalira ndi batire masulani waya wake.

4. Yang'anani makina ali chiimire

Yambani ndi lamba ndi mapule, chifukwa ndi pamene pamapweteka anthu ambiri. Malo oopsa kwambiri ndi pomwe lamba amalowera pa pule: chala, mkono wa malaya kapena nsonga ya chitenje ikafika pamenepo imakokedwa munthu asanaphethire. Chotchingira, chomwe ena amati gadi, chiyenera kuphimba lamba ndi mapule mbali zonse, kuphatikizapo kumbuyo ndi pansi, ndipo chikhale chomangidwa ndi mabawuti, osati chongokoleka. Ngati ndi cha waya wa mabowo, mabowo ake asapitirire mamilimita 12 ndipo chitalikirane ndi lamba masentimita 10 kapena kupitirira apo. Yesani ndi chala chanu. Mukakhudza lamba, ndiye kuti chala cha mwana chifika patali kuposa pamenepo. Nsonga ya shafti yotulukira kunja, ngakhale yosalala, nayonso imakulunga nsalu, ivundikireni.

Kanikizani lamba ndi chala chachikulu pakatikati pa mapule awiri. Ngati mapulewo atalikirana mita imodzi, lamba alowe pafupifupi mamilimita 16. Wolefuka amaterereka, kutentha ndi kununkha mphira. Womangika kwambiri amadya maberingi. Malamba akakhala atatu kapena anayi, asintheni onse pamodzi, chifukwa watsopano mmodzi pakati pa akale amanyamula yekha katundu yense n'kuduka.

Tsegulani chogayira muwalitse tochi. Onani ngati mahamala akutha mofanana, ngati mapini ake sanadyeke, ndiponso ngati zotsekera mapini zilipo zonse, osati msomali wopinda. Mahamala amatembenuzidwa kapena kusinthidwa onse nthawi imodzi. Mukasintha awiri okha, kulemera kumapendekera mbali imodzi, makina amayamba kunjenjemera, mabawuti amamasuka, ndipo tsiku lina hamala imathyoka n'kuboola sefa. Yang'anani ming'alu pa sefa ndi pa chitseko, komanso ngati chitsekocho chimamangika bwino. Pakamwa pothirira chimanga payenera kukhala maginito ogwira misomali, timawaya ndi ndalama zachitsulo. Ngati alipo, onani kuti amatsukidwa. Chitsulo chikalowa chimatha kubwerera ngati chipolopolo, kapena kuthetheka moto m'kati mwa ufa. Pakamwapo pakhalenso potalika kapena potchinga moti dzanja silingafike pa mahamala, ndipo pakhale chokankhira chamtengo chomangirira ndi chingwe kuti chisasowe.

Malizani ndi mabawuti omangira makina pansi. Simenti yosweka mozungulira bawuti ndi chizindikiro choti makina akhala akuvina kwa nthawi yaitali.

5. Magetsi, kapena injini

Chigayo cha magetsi chimayendera mawaya atatu a mphamvu ya mavoti 400. Inu ntchito yanu ndi kuyang'ana ndi maso, osatsegula mabokosi. Sakani mawaya olumikiza ndi pulasitiki kapena mphira wa tayala, mawaya ogona pansi pomwe anthu amakokerapo matumba, mabokosi opanda zivundikiro, malo akuda ngati anapsa, ndi fyuzi yomwe anaikamo waya wamba. Tsatirani waya wa ethi, wobiriwira ndi wachikasu, umene umatayira pansi magetsi othawira pa chitsulo, kuchokera pa thupi la mota mpaka pomwe walowera pansi. Kawirikawiri amapezeka ataduka kapena atabedwa. Wantchito akanena kuti chitsulo cha makina "chimaluma" kukagwa mvula, imeneyo ndi nkhani ya lero lomwe. Zokonza zonse achite ndi wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Pukutani ufa pa mota ndi pa chivundikiro cha fani yake, chifukwa ufawo umafunditsa mota ngati bulangete.

Pa injini ya dizilo onani zinthu zinayi. Paipi ya utsi itulukire panja ndipo isadonthe utsi m'nyumba: mu utsiwo muli mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, koma umayambitsa mutu, chizungulire ndi kukomoka. Gudumu lalikulu la injini litchingidwe ngati lamba. Zigubu za mafuta zikhale m'chipinda china, kutali ndi paipi yotentha. Pansi pasakhale mafuta otayika osakanikirana ndi gaga.

6. Bwererani nthawi ya chipwirikiti, muime pakona mungoyang'ana

Khalani mphindi makumi awiri osalankhula, osalangiza. Anthu akakuzolowerani amabwerera ku kachitidwe kawo ka masiku onse, ndipo ndi kameneko mukufuna kuona. Ndani akudutsa pafupi ndi lamba? Kodi amayi akuwerama pansi pa makina kuti awole ufa wotayika, mwana ali kumsana? Ana akusewera pati? Wogaya akukankha chimanga ndi dzanja? Wavala malaya olendewera? Magolovesi ndi abwino ponyamula matumba, koma pafupi ndi chinthu chozungulira ndi msampha, chifukwa akakodwa amapita ndi dzanja.

Yesani phokoso motere: imani mita imodzi kuchokera kwa mnzanu. Ngati mukuchita kukuwa kuti amve, phokosolo lapitirira madesibelo 85, malire amene munthu sayenera kukhalamo maola asanu ndi atatu wopanda choteteza makutu. Zigayo za mahamala zambiri zimapitirira pamenepo. Makutu amafa pang'onopang'ono, osapweteka, ndipo akafa sabwerera. Thonje kapena kapepala m'khutu sizithandiza kwenikweni. Pamafunika zotsekera m'makutu zenizeni.

Fumbi lioneni ndi tochi kapena pa kuwala kwa dzuwa kolowera pa zenera. Tsatirani komwe likutulukira: nsalu yolandirira ufa yobooka, paipi yosalumikizika bwino, chitseko chosatsekeka. Wogaya wotuwa mpaka nsidze akupuma ufa womwewo, pamodzi ndi chuku cha chimanga chowola ndi mankhwala ophera anankafumbwe. Chifuwa chosatha ndi mphumu zimayambira pamenepo. Kansalu komanga pamphuno kamagwira zikuluzikulu zokha; zofunika ndi zophimba za mtundu wa N95 kapena FFP2. Ufa wouluka wambiri m'chipinda chotsekeka ukakumana ndi moto umayaka mophulika, choncho fodya, mbaula ndi kuwotcherera zisachitike m'chigayo chosasesa.

Makina akangozimitsidwa ndi kukhomedwa, yandikizani dzanja pa maberingi. Ngati simungathe kugwirapo kwa masekondi angapo, atentha mopitirira: girizi watha, lamba wamangika kwambiri, kapena beringiyo yatha. Onaninso mmene anthu akunyamulira matumba a makilogalamu 50. Munthu mmodzi kunyamula thumba kuchokera pansi kufika pamutu kambirimbiri pa tsiku ndi msana umene ukuthyoka pang'onopang'ono. Wilibala ndi kathebulo kofika m'chiuno zimachepetsa vutoli.

7. Moto, potulukira ndi thandizo loyamba

Pakhale botolo lozimitsira moto la ufa wouma, la makilogalamu 9, lopachikidwa pafupi ndi khomo, muvi wa geji yake uli pobiriwira, ndipo liziunikidwa chaka chilichonse. Madzi sathiridwa pa moto wa magetsi kapena wa dizilo. Ndowa ya mchenga ikhalepo. Funsani wantchito akuonetseni mmene angaligwiritsire ntchito. Khomo lisatsekedwe ndi matumba a gaga. M'bokosi la thandizo loyamba mukhale mabandeji aakulu oletsa magazi, osati Panado yekha, ndipo pakhoma palembedwe nambala ya munthu wa galimoto kapena njinga yamoto amene angathamangire ndi wovulala ku chipatala.

8. Kusanja zomwe mwapeza ndi kusankha kakonzedwe

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amayendera bwinobwino, kudzaza masamba awiri a kope, kuona kuti ndalama yokonzera zonse palibe, n'kuliika kopelo m'dirowa. Ena amayamba ndi zotchipa ndi zooneka: kupenta khoma, kugula maovololo, kupachika chikwangwani cha "Chenjerani", lamba akadali pamtunda.

Pa chiopsezo chilichonse dzifunseni mafunso awiri. Chitachitika, munthu angavulale motani: kukalika chabe, kugonekedwa m'chipatala, kapena kulumala ndi kufa? Nanga anthu amayandikira chinthucho kangati: kamodzi pa mwezi kapena ola lililonse? Mayankho ake akupatsani magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zomwe zingaphe kapena kudula chiwalo ndipo anthu amaziyandikira tsiku lililonse: lamba wosatchinga, makina odzuka okha, chitsulo choluma ndi magetsi, utsi wa injini m'nyumba. Zimenezi zimaimitsa chigayo mpaka zitakonzedwa, ngakhale mzere utafika kumsewu. Gulu lachiwiri ndi la zofunika kukonza sabata yomweyo, monga beringi yotentha, maginito osowa, kapena botolo la moto lopanda kanthu. Gulu lachitatu ndi la mwezi uno. Samalani ndi phokoso ndi fumbi: popeza sizitulutsa magazi, anthu amazikankhira ku gulu lachitatu mwezi ndi mwezi mpaka wogaya atagontha. Malo ake ndi gulu lachiwiri.

Kenako sankhani kakonzedwe, kuyambira pa njira yamphamvu kutsikira ku yofooka. Yamphamvu kuposa zonse ndi kuchotseratu chiopsezocho, monga kutulutsa zigubu za dizilo m'chipinda cha injini. Yotsatira ndi kusinthanitsa choopsa ndi china chabwinoko, monga sitata yatsopano m'malo mwa yopanikiza ndi kamtengo. Yachitatu ndi kuika chotchinga pakati pa munthu ndi chiopsezo: gadi pa lamba, kakhoma kofika m'chiuno kolekanitsa ogayitsa ndi makina, injini m'chipinda chakechake. Yachinayi ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito: ana asalowe, loko akhomedwe chitseko cha makina chisanatsegulidwe, antchito azisinthana pa phokoso. Yomaliza ndi zovala zodzitetezera, zomwe mwini chigayo ayenera kugula yekha osadula pa malipiro a wantchito.

N'chifukwa chiyani zasanjidwa chonchi? Lamulo ndi chovala zimadalira munthu kukumbukira nthawi zonse, ngakhale atatopa, ngakhale ogayitsa akumukalipira kuti akuchedwa. Gadi womangidwa ndi mabawuti sadalira kukumbukira kwa aliyense. Tengani chitsanzo cha amayi owola ufa pansi pa makina. Mukhoza kuwakalipira tsiku lililonse, koma ufawo ndi wawo, anaulipira, ndipo adzawerama basi. Tsekani pomwe ufa ukutayikira, mangani kakhoma, wantchito aziwabweretsera ufa wawo kunja kwa kakhomako, ndipo simudzafunikanso kukalipa.

Chiopsezo chilichonse chilembedwe mzere wakewake: chili pati, chavuta n'chiyani, gulu lake, chichitike n'chiyani, achite ndani, pofika tsiku liti. "Magetsi sali bwino" si kulemba. Lembani kuti, "Waya wochokera pa sitata kupita ku mota ya chokonolera wasendeka pafupi ndi khomo, gulu loyamba, wamagetsi asinthe ndi kuulowetsa mu paipi, kapitawo amuitane lero." Pomwe palibe dzina la munthu ndi tsiku, palibe chomwe chidzachitike. Ngati chokonza chenicheni chitenga masiku, lembaninso chomwe muchite podikira, monga kutseka makina amodziwo ndi loko n'kumagwiritsa ntchito enawo. Muziikanso padera kandalama kuchokera pa zomwe chigayo chapeza sabata iliyonse, kuti beringi ikatentha musayambe kudikira kutha kwa mwezi.

9. Bwererani mukaone ndi maso anu

Tsiku lomwe munalemba likakwana, pitani pamalo pomwepo ndi chithunzi chomwe munajambula. Musakhutire ndi mawu akuti "zinakonzedwa". Gwedezani gadi, yesaninso sitata, gwirani beringi. Onaninso ngati kukonzako sikunabweretse vuto lina. Gadi amene amatenga theka la ola kumasula pofuna kuthira girizi adzachotsedwa sabata yomweyo. Muuzeni wowotcherera asiye kabowo kofikira pa nipo, pothirira girizi, kapena atalikitse kapaipi kake kufika kunja. Zotsekera m'makutu zikapezeka zili zatsopano m'dirowa patatha mwezi, funsani chifukwa chake. Nthawi zambiri wogaya amati samva kulira kwa makina akayamba kutsamwa, ndipo zimenezo zimatha akazivala masiku angapo n'kuzolowera kamvekedwe katsopano.

Mzere ukatsekedwa, sainani ndi kulemba tsiku. Ulendo wa mwezi wotsatira uyambire pa mizere yomwe sinatsekedwe. Chinthu chimodzi chikabwera miyezi itatu yotsatizana, vuto silili pa chinthucho ayi: mwina amene munamupatsa ntchitoyo alibe ndalama kapena mphamvu yoichitira, mwinanso njira yomwe munasankha siyikugwirizana ndi mmene ntchito imayendera. Wantchito watsopano aliyense, ngakhale waganyu wa sabata imodzi, muyende naye ndi kope lomweli asanagwire thumba loyamba, ndipo mumuonetse pomwe pali swichi yaikulu ndi loko. Ngozi ikachitikabe, thamangirani naye wovulalayo ku chipatala, makinawo muwasiye okhoma mmene alili, lembani zomwe zachitika tsiku lomwelo, ndipo kadziwitseni a ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.